Mwana akafuna ugoloboyi, mumupereke m'manja mwa yani?

Tchuthi chikangoyamba, mabwalo a mpira mumzinda wa Blantyre sapuma. Kuyambira pa Nyambadwe ku Ndirande, pa Desert ku Bangwe, mpaka timabwalo tafumbi ta ku Zingwangwa, Chilomoni ndi Machinjiri, ana amakhala ali pikitipikiti kulimbirana chikulunga kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Kale pagolo pankaikidwa mwana wamng'ono pagulupo, wonenepa kapena amene wabwera mochedwa. Miyala iwiri ndiyo inali golo, ndipo ntchito yake inali kungoima pakati mpaka atamwetsedwa kuti wina alowepo. Masiku ano zinthu zasintha. Alipo ana, anyamata ndi atsikana omwe, amene akumachita kusankha okha ugoloboyi ndipo akumavutitsa makolo kuti awagulire magolovesi.

Komwe kuli ludzu sikulephera kubwera wogulitsa madzi. Sukulu za mpira, zomwe ambiri akuzitcha ma academy, komanso makampu a patchuthi zikumka zichuluka, ndipo mauthenga ake akumayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ena mwa eni ake ndi anthu odzipereka amene akusula ana ndi mtima wonse. Ena ndi ongofuna ndalama basi. Kholo lomwe lapatula kangachepe kuchokera pa geni ya tomato kapena pa malipiro a pamwezi liyenera kudziwa kusiyanitsa, pakuti chomwe likupereka si ndalama yokha, komanso thupi, sukulu ndi tsogolo la mwana.

Ntchito ya payokha

Amalawi sachita kuuzidwa kuti goloboyi ndi wofunika motani. Pa 11 January 2010, Flames idaswa Algeria 3-0 mumzinda wa Luanda pa mpikisano wa African Cup of Nations, Swadick Sanudi ali pagolo. Chigoli choyamba cha Russell Mwafulirwa chidabwera goloboyi wa Algeria, Faouzi Chaouchi, atalakwitsa. Patangotha sabata, pokumana ndi Mali ku Cabinda, mpira womwe goloboyi wathu adachotsa udagwera kumapazi a Frederic Kanoute, ndipo mphindi imodzi isanathe Flames idali itamwa kale. Masewerowo adatha 3-1.

Patapita zaka 12, pa 18 January 2022, Charles Thomu adaima njii pamaso pa Sadio Mane ndi anzake ku Cameroon. Malawi idalepherana ndi Senegal 0-0 n'kufika m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Senegal yomweyo ndiyo idakatenga chikhocho.

Apa n'zoonekeratu kuti wosewera kutsogolo akhoza kuphonya kasanu n'kukhululukidwa akagoletsa kamodzi, koma goloboyi akaphonya kamodzi dziko lonse limakumbukira. Golo la akuluakulu ndi lotambalala mamita 7.32 ndipo kutalika kwake ndi mamita 2.44. Penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11 okha. Kuteteza malo otere kumafuna luso lomwe mwana sangalitole pongoima pagolo anzake n'kumamusasantha ndi mashoti.

Ngakhale m'masewero ena adaziona zimenezi. Ku Canada, komwe amakonda hockey yoseweredwa pa madzi oundana, mphunzitsi François Allaire adayamba kusula Patrick Roy payekha m'zaka za m'ma 1980 ku timu ya Montreal Canadiens. Njira yomwe adaikonza, yogwada mawondo pansi miyendo itatambasuka kuti atseke kunsi kwa golo, idafala dziko lonse, ndipo lero matimu akuluakulu a masewerowo sakhala opanda mphunzitsi wa magoloboyi. Mu mpira wamiyendo, Thomas N'Kono wa ku Cameroon adasula mnzake wa kwawo Carlos Kameni ku timu ya Espanyol ku Spain. Kuno kwathu, Sanudi yemwe uja atapachika jombo adatembenukira ku uphunzitsi wa magoloboyi.

Choncho funso loyamba kwa mwini academy kapena kampu likhale ili: kodi pali mphunzitsi wa magoloboyi payekha? Ngati yankho lili lakuti kochi wa timu yonse ndi amene amaona zonse, dziwani kuti mwana wanu azikangotola mipira.

Fufuzani mphunzitsi

Safunsa adadya phula. Si mwano kufunsa munthu amene mukumusiyira mwana kuti adaphunzira kuti ntchito yake. Bungwe la Football Association of Malawi (FAM), lomwe likulu lake lili ku Mpira Village ku Chiwembe, limachititsa maphunziro a makochi, ndipo bungwe la mpira mu Africa la CAF lili ndi malaisensi oyambira D kukwera C, B mpaka A. Palinso maphunziro apadera a aphunzitsi a magoloboyi. Amene adaphunziradi sachita manyazi kuonetsa pepala lake, ndipo kholo likhoza kukatsimikiza ku FAM kapena kwa akuluakulu a mpira wa achinyamata m'boma lawo.

Komabe pepala palokha si lokwanira, monganso kutchuka pakokha sikokwanira. Munthu akhoza kukhala kuti adagwirapo pagolo la Maule kapena Manoma koma osadziwa kufotokozera mwana wa zaka 10 chomwe walakwitsa. Kudziwa kuchita ndi kudziwa kuphunzitsa ndi mphatso ziwiri zosiyana.

Njira yabwino ndi kupita nokha kukaonerera tsiku limodzi kapena awiri musanalipire kalikonse. Khalani chapatali n'kumawerenga. Pa ola limodzi, mwana aliyense wagwira mpira kangati? Ngati ana 20 ali pamzere kudikira mpira umodzi, aliyense augwira kangapo kokha, nthawi yotsalayo akungowauka ndi dzuwa. Magoloboyi amaphunzira bwino m'timagulu ting'onoting'ono momwe mphunzitsi angathe kuona manja ndi mapazi a aliyense.

Mvetseraninso pakamwa pa mphunzitsiyo. Mwana akataya mpira, kodi akuuzidwa chomwe chalakwika n'kupatsidwa mwayi wobwereza, kapena akungotukwanidwa? Ugoloboyi ndi ntchito ya mtima. Mwana amene amanjenjemera poopa kukalipiridwa amayamba kuthawa mipira yovuta, ndipo mantha oterewa akakhazikika savuta kuwaona koma amavuta kuwachotsa.

Zoyenera kuphunzira

M'mera mpoyamba. Maphunziro abwino sayamba ndi kuuluka ngati momwe ana amaonera pa kanema. Amayamba ndi kaimidwe: mapazi otalikirana pang'ono, mawondo opindika, thupi lopendekera kutsogolo, manja okonzeka. Kenaka kagwiridwe. Mpira wam'mwamba umagwiridwa zala zazikulu zitayandikana kumbuyo kwake kuti usapyole, wapamimba umakumbatiridwa, ndipo wapansi umafuna thupi likhale kumbuyo kwa manja.

Chotsatira ndi kayendedwe ka mapazi ndi kudziwa poima. Goloboyi akatuluka pang'ono pamzere n'kuima pakati pa mpira ndi pakatikati pa golo, womenya amaona golo litachepa. Magoloboyi ambiri odziwa ntchito saoneka akudzigwetsa kawirikawiri kaamba koti mpira umawapeza ataima kale pamalo oyenera.

Kudzigwetsa kumabwera pambuyo, ndipo kumaphunzitsidwa pang'onopang'ono: mwana amayamba atakhala pansi, kenaka atagwada, kenaka atanjuta, n'kumaliza ataima. Ayenera kugwera cham'mbali, pantchafu ndi paphewa, osati pachigongono kapena chafufumimba. Mphunzitsi amene tsiku loyamba lomwe akuuza ana kuti aziuluka pa nthaka youma gwaa sakudziwa chomwe akuchita.

Goloboyi wa lero ayeneranso kudziwa mpira wa kumapazi. Kuyambira mu 1992 malamulo adaletsa goloboyi kugwira ndi manja mpira womwe mnzake wamubwezera dala ndi phazi. Mu 2019 lamulo la mpira woyambira pagolo lidasintha, moti goloboyi akhoza kupatsira mnzake ali m'bokosi momwemo. Ndipo kuyambira mu July 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kupyola masekondi 8, woyimbira amapereka kona kwa adani. Mphunzitsi amene sakudziwa zosinthazi akuphunzitsa mpira wadzana.

N'chifukwa chake mwana wosakwana zaka 12 sayenera kutsekeredwa pagolo pokha. Azisewerako kumbuyo, pakati ngakhale kutsogolo kuti mapazi azolowere mpira komanso kuti adziwe momwe womwetsa zigoli amaganizira. Aziphunziranso kulankhula, pakuti goloboyi ndiye amaona bwalo lonse ndipo ndi amene amayendetsa otchinga kumbuyo.

Pomaliza, funsani ngati anawo amasewera masewero enieni. Kuyeserera kopanda mpikisano kuli ngati kuphunzira kuyendetsa galimoto pabwalo la sukulu osalowa mumsewu wa Chipembere.

Thupi la mwana si la munthu wamkulu

Mabwalo ambiri m'madera athu ndi a dothi louma, ena a miyala ndi magalasi osweka. Kapeti ngati wa pa Kamuzu Stadium ndi wa ochepa. Izi sizitanthauza kuti ana asaphunzire, koma mphunzitsi wanzeru amayamba wayendera pagolo n'kutola zonse zobaya, ndipo pophunzitsa kudzigwetsa amafuna pamchenga, pakapinga kapena pomwe athirapo utuchi. Mwana azivala buluku ndi malaya a manja aatali kuti asasupuke.

Onaninso mpira womwe akugwiritsa ntchito. Mipira ili ndi masaizi: 3 ndi wa ana aang'ono, 4 wa okulirapo, ndipo 5 ndi wa achinyamata ndi akuluakulu. Mafupa a padzanja la mwana amakhala asanakhwime, choncho shoti ya munthu wamkulu ndi mpira wa saizi 5 ikhoza kuthyola mkono kapena chala. Si chamuna kuika mwana wa Sitandade 5 pagolo kuti madoda azimuyesa mphamvu.

Choopsa kwambiri ndi kuvulala m'mutu. Mu October 2006, Petr Čech wa Chelsea adasweka chigaza atawombana ndi wosewera wa Reading, ndipo kuyambira pomwe adachira adasewera ndi chipewa chodzitetezera mpaka kupuma mpira. Iyeyo adapulumuka kaamba koti thandizo lidali pafupi. Nanga pabwalo la kwanuko? Funsani ngati pali bokosi la chithandizo choyamba, munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito komanso njira yothamangira kuchipatala. Mwana akagunda mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuiwala zomwe zachitika, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale atanena kuti ali bwino. Apite kuchipatala chapafupi, ndipo zikavuta ku Gulupu.

Madzi akumwa aukhondo asasowe, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, ndipo mwana asapite kokayeserera ndi njala.

Za zida, musadzipanikize. Magolovesi apakaunjika a mumsika wa Ndirande kapena Limbe amagwira ntchito bola akhale omukwana. Achapidwe ndi madzi ozizira n'kuyanikidwa pamthunzi, pakuti dzuwa limaumitsa mphira wake. Academy yomwe ikukakamiza kuti zida zonse mugule kwa iwo pamtengo wokwera ikuonetsa komwe kuli mtima wake.

Chikomekome cha nkuyu

Msampha waukulu uli pa malonjezo. Mukamva mawu akuti mwana wanu tikamupezera timu ku Ulaya kapena ku South Africa, ingolipirani ya pasipoti, viza ndi tikiti, gwirani thumba lanu zolimba.

Malamulo a FIFA, pa gawo 19 la malamulo a kasamutsidwe ka osewera, amaletsa kusamutsira wosewera wosakwana zaka 18 kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Choncho amene akulonjeza kutumiza kunja mwana wa zaka 14 akunama, apo ayi akufuna kuswa lamulo. Mu 2015 wailesi ya BBC idaulula za anyamata a kuzambwe kwa Africa, ambiri a ku Liberia, omwe adatengeredwa ku Laos powalonjeza academy koma adakapezeka akugona pansi m'chipinda cha pa sitediyamu. Kuno kwathu lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limagwiranso ntchito pa nkhani zotere.

Ngakhale akuluakulu amapusitsidwa. Édouard Mendy, yemwe adali pagolo la Senegal tsiku lomwe Thomu adawala lija, adakhala chaka chathunthu wopanda timu kuyambira mu 2014, ali ndi zaka 22, ejenti yemwe adamulonjeza timu ku England atasiya kuyankha foni. Adakalembetsa ku ofesi ya anthu osowa ntchito ku France uku akuyeserera popanda malipiro ku Le Havre, komwe adaphunzirira mpira ali mwana. Chomwe chidamupulumutsa ndi maziko omwe adali nawo, moti mu 2021 adatenga chikho cha Champions League ndi Chelsea.

Timu yeniyeni ikafuna kuyesa wosewera imalemba kalata yodziwika bwino, ndipo kalatayo ikhoza kutsimikizidwa kudzera ku FAM. Musapereke pasipoti kapena chiphaso chobadwira cha mwana kuti wina azisunga, ndipo musasaine pepala lomwe simunalimvetse.

Pa ndalama zolipira mwezi ndi mwezi, funsani kuti zikugwira ntchito yanji: bwalo, mipira, thiransipoti kapena chakudya? Landirani lisiti nthawi zonse. Pewani kulipiriratu chaka chonse, pakuti ma academy amatha kutsekedwa. Anthu a ku Chilomoni akukumbukira Surestream Academy, yomwe idasula achinyamata ambiri pa sitediyamu ya kumeneko m'zaka za m'ma 2010 koma idazilala kampani yomwe inkaithandiza itasiya. Ngati yokhala ndi kampani kumbuyo idatha, kuli bwanji ya munthu mmodzi?

Dziwaninso kuti kudula kwa malo si umboni wa ubwino wake. Matimu ena a m'madera, a kusukulu ndi a kumipingo amaphunzitsa ana mwaulere kapena pa kandalama kochepa, ndipo matimu akuluakulu monga FCB Nyasa Big Bullets ndi Mighty Wanderers ali ndi matimu achisodzera komwe mwana waluso angakayese mwayi.

Zaka, kaundula ndi zithumwa

Mphunzitsi amene akuti tichepetse zaka za mwana kuti akwane mu timu ya ana akumukumbira dzenje. Kuyambira mu 2009, FIFA idayamba kujambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapyola zaka 17, ndipo matimu a mu Africa akhala akuchotsedwa m'mipikisano kaamba ka chinyengo chotere. Komanso mnyamata wa zaka 19 amene akuwala pakati pa ana a zaka 15 sakuphunzira kanthu, akungodzinamiza. Mwana akhale ndi chiphaso chake chobadwira chochokera ku National Registration Bureau ndipo zaka zikhale zomwezo paliponse.

Funsaninso ngati academy imalembetsa ana ake m'kaundula wa FAM. Malinga ndi malamulo a FIFA, wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamazo imagawidwa kwa matimu omwe adamusula kuyambira zaka 12 mpaka 23. Academy yolongosoka imadziwa kuti phindu lake lili m'tsogolo, choncho imasunga bwino mbiri ya mwana aliyense mmalo mofinya makolo lero.

Nkhani ina yomwe sitingaibise ndi ya zikhulupiriro. Pa mpira wathu pamamveka kwambiri za kukwirira mankhwala pagolo, kutema mphini ndi kuvala zithumwa, ndipo amene amasenzetsedwa zimenezi kawirikawiri ndi goloboyi. Mphini zotemedwa ndi lezala limodzi zikhoza kufalitsa matenda, ndipo mwana amene waphunzitsidwa kudalira chithumwa amasiya kudalira manja ake. Ronwen Williams wa South Africa adagwira mapenate anayi pokumana ndi Cape Verde mu February 2024, ndipo zidadziwika kuti iye ndi aphunzitsi ake adali ataonera makanema a momwe adaniwo amamenyera. Mankhwala ake adali amenewo.

Chitetezo ndi sukulu

Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ngati kampu ndi yogonera komweko, kholo lili ndi ufulu woona pogona, podyera ndi posambira, komanso kudziwa akuluakulu omwe azigona pafupi ndi anawo. Pomwe pali atsikana payenera kukhala mayi wowayang'anira. Chitengereni Scorchers chikho cha COSAFA mu 2023, atsikana ambiri akukhamukira ku mpira, ndipo ayenera kutetezedwa kwa anthu omwe amabisala mu dzina la ukochi. Anyamata nawonso amachitiridwa nkhanza zotere, kungoti ambiri amafa nazo mumtima.

Chenjerani ndi mphunzitsi amene amakonda kuitanira mwana mmodzi kunyumba kwake, kumupatsa mphatso zamseri, kumuimbira foni usiku kapena kuletsa makolo kufika pabwalo. Mwana akayamba kukana kupita komwe ankakukonda, musathamangire kumunena ulesi, khalani naye pansi mumve. Pakakhala vuto, nthambi ya Victim Support Unit kupolisi komanso nambala yaulere ya ana ya 116 zilipo kuti zithandize.

Ndipo sukulu isafe. Timu imalowetsa goloboyi mmodzi yekha m'bwalo, ena awiri amakhala pabenchi kapena kunja, kutanthauza kuti mipata ya ntchitoyi ndi yochepa kuposa ya malo ena onse. Academy yabwino imafuna kuona lipoti la kusukulu, siyeserera nthawi ya makalasi, ndipo imapumitsa mwana akayandikira mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4.

Palibenso chifukwa chothamangira. Magoloboyi amakhwima mochedwa ndipo amakhalitsa. Essam El-Hadary wa ku Egypt adasewera World Cup ya 2018 ali ndi zaka 45, n'kugwiranso penate pokumana ndi Saudi Arabia. Mwana wa zaka 13 amene wauzidwa kuti ndi wamfupi asataye mtima, pakuti ana amakula mosiyana ndipo ena amadzatalika mochedwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yenderani malo awiri kapena atatu, chezani ndi makolo omwe ana awo ali kale kumeneko, ndipo yambani ndi mwezi umodzi woyesa. Mweziwo ukatha, mufunseni mwanayo akuonetseni chomwe waphunzira. Akatha kukufotokozerani chifukwa chomwe amaimira pomwe amaima, ali wosavulala, akupitabe kusukulu ndipo akuchita kulakalaka tsiku loyeserera, ndiye kuti mwapeza malo. Zikapanda kutero, m'chotseni msanga, ndalama ya mwezi umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi mwana.